Tsiku Limene Tepi Inkatha Amayi Asanalankhule

Sendererani kuno anzanga, mphasayi ikwana tonse. Inu a kumapetoko, bwerani ndi malichero anu, nyembazo muzisankhira pompano. Lero ndikuuzani za tsiku limene ndinalimbana ndi kaseti ya vidiyo, ine kamtsikana kopanda nsapato, mpaka ndinapalamula mlandu kwa agogo anga.

Ndikukumbukira ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kapena khumi ndi zitatu, pakuti kwathu zaka sitinkazisamala kwenikweni. Tinkakhala kumtunda kwa Nsambe, uko kumene m'mawa chifunga chimakwirira mapiri mpaka tambala umangomumva osamuona. Kumeneko kunali kwawo kwa atate. Amayi kwawo ndi ku Midzemba, anabwera chitengwa, ndipo moyo wa mtengwa mukuudziwa nokha: kudzuka woyamba, kudya womaliza, kulankhula pokhapokha wafunsidwa.

Atate anali ku Halale, ankagwira ntchito pa famu ya fodya. Anachoka amayi ali oyembekezera, ndipo mng'ono wanga Tadala anabadwa, anakwawa, anayenda, mpaka anayamba kukalipira nkhuku pabwalo, bambo wake asanamuonepo. Poyamba makalata ankabwera, amayi n'kupita nawo kwa aphunzitsi kuti akawawerengere. Kenako anayamba kutalikirana. Kenako zii. Kuchitsime azimayi akandiona ankatsitsa mawu, koma makutu anga anali akuthwa: "Akuti anapeza wina kumeneko, wovala nsapato za gogoda." Ndinkabwerera ndowa ili pamutu, madzi akutayikira kumsana, mtima ukuwawa. Amayi sindinawauzepo. Ndikuganiza kuti ankadziwa kale.

Chaka chimenecho, titangomweta tirigu, atate aang'ono aBenisoni, mng'ono wawo wa atate, anakwatira. Agogo aamuna, aSandalamu, anali munthu wokonda kuti zinthu zake zizimveka patali. Atamva kuti mwana wawo wamkulu sabwera, anati, "Ngati iye sabwera ku ukwati, ukwati upita komweko." Anaitanitsa munthu wa vidiyo kuchokera ku Mwanza, n'kupangana ndi mwana wa m'mudzi mwathu woyendetsa lole kudzera ku Zobwe kuti akapereke kasetiyo m'manja mwa atate.

Ine nditamva zimenezo mtima unangoti thi thi thi. Ndinati chamumtima: atate akawaona amayi, akamuona Tadala, abwera basi. Nzeru za mwana eti, koma ndinazigwira ndi manja awiri.

Munthu wa vidiyoyo anali aKamwendo, wamfupi, wadazi, wa thukuta losatha ngakhale kunja kukuzizira. Anafika atakwera pamwamba pa lole yodzatenga kachewere, fumbi lofiira mpaka m'nsidze, atakumbatira chikwama ngati muli mazira. Atatulutsa kamera, ana tonse tinabwerera m'mbuyo. Sinali ngati timafoni ta masiku anoti ayi. Chinali chinthu chachikulu ngati mwana wa mbuzi, chosenzera paphewa, cha diso limodzi kutsogolo ndi kanyali kofiira pamwamba. Kanyaliko kakayaka, ndiye kuti chikuona. Kaseti inali imodzi yokha, yakuda, ngati njerwa yopyapyala. AKamwendo anati imalowa maola atatu, ndipo agogo anati maola atatu ndi ambiri, ngakhale ulaliki wa pa Pasaka sufika pamenepo. Anawalamulanso anthu akumva: "Chithunzi chikhale choyera. Ku Halale asakatiseke kuti ndife akuphiri."

Anajambula kutchalitchi. Anajambula mkwati ndi mkwatibwi akutsika njira ya m'manachesi, azimayi akuwayalira zitenje, nthungululu zikumveka mpaka kutsidya. Anajambula amuna akuvina ngoma, kupondaponda pansi fumbi kuti koboo. Dzuwa litapendeka pang'ono, anthu atadya, agogo anaimirira n'kugogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Tsopano aliyense apereke moni kwa mwana wanga. Ayambe alendo ndi achibale, ine nditsekera. Atengwa, nthawi ikatsala."

Nthawi ikatsala! Mawu amenewo anandibaya ngati minga ya m'phazi.

Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Anthu akwathu kamera sankaidziwa. Kwa iwo, atate anali atakhala m'kati mwa chinthucho, akuwayang'ana. Oyamba anali azakhali aEdina, mlongo wawo wa atate. Anagwada bwinobwino, kukonza mpango, kuwomba m'manja.

"Muli bwanji achimwene?"

Kenako chete, akudikira.

"Pitirizani mayi, sayankha," anatero aKamwendo.

"Sayankha? Ee, mwano wakewo sanasiyebe!"

Anthu anaseka, koma wobwera pambuyo pawo anachitanso chimodzimodzi, winayonso chimodzimodzi. Moni wakwathu sathamangira. Munthu ankafunsa mmene atate adzukira, mmene aswerera, mmene abwana awo alili, n'kumasiya mpata woti ayankhe. Akatero ndiye ayambe nkhani: mbuzi ya uje inagwidwa ndi fisi, malire a dimba lakumtsinje anasunthidwa, uje anamwalira ndipo kumanda kunabwera anthu ochepa. Nkhalamba ina, aZuze, inafika potembenuka n'kulozetsa kamera msana wa jekete yake, kuti atate akaone okha kukula kwa bowo ndi kukula kwa mapewa.

Ine ndinali nditaima chapafupi ndi aKamwendo, ndipo ndinaona kuti m'mbali mwa kamera muli kazenera. M'katimo munali timagudumu tiwiri tikuzungulira. Kena kankanenepa, kena kankaonda. Atapuma kuti apukute thukuta ndinawafunsa.

"Koondako kakatha, mwanawe, ndiye kuti kwatha. Wotsala watsala."

Ndinayang'ana kagudumuko. Ndinayang'ana mzere wa anthu, umene unali utazungulira nkhokwe mpaka kukafika pa mtengo wa pichesi. Ndinawerenga ndi zala, zala zinatha, ndinayambiranso, zinathanso. Ndipo amayi pamzerepo panalibe ndi pang'ono pomwe.

Ndinathamangira kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene atengwa ankaphikira. Kumeneko kunali dziko lina, la utsi, makoko a kachewere ndi mbale zakuda zounjikana. Amayi anali atawerama pa mgolo wa thobwa akutakasa ndi mthiko wautali, maso ali psuu ndi utsi, chitenje chili ndi mwaye. Tadala anali atakhala pa thumba akunyambita chikho.

"Amayi, tiyeni mukalankhule, tepi ikutha."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Mtengwa adutse patsogolo pa apongozi ake? Ukufuna andibwezere ku Midzemba ndi mtolo pamutu? Katunge madzi, Enelesi."

Madzi ndinatunga, ndowa imodzi yothamanga, theka n'kutayikira m'njira. Nditatula ndinapita pamzere paja. Ndinkayenda chowerama ngati ndikufuna chinthu chimene chagwa, n'kumanong'oneza aliyense: "Akuti mufupikitse. Akuti mungoti muli bwanji basi." Awiri atatu anavomera ndi mutu. Koma mawu anafika kwa azakhali aEdina, amene anali atalankhula kale zawo zonse mpaka za dzino lawo lobowoka. Anandigwira khutu n'kulipotokola mpaka ndinaima ndi zala zakumiyendo.

"Akuti ndani? Iwe ndiwe wapampando wa ukwati uno? Anthu apereke moni wodukiza kwa achimwene anga ngati akupereka kwa wogulitsa makala?"

Khutu linatentha ngati ndaliika pamoto, koma misozi ndinaimeza. Ndikanalira akanandithamangitsira kunyumba, ndipo zonse zikanathera pomwepo.

Posakhalitsa aKamwendo anatula kamera pa mpando kuti asinthe batire. Ndinathamanga kukawatungira thobwa m'chikho chachikulu kuposa zonse, chija cha agogo, n'kuwapatsa nditagwada. Anamwa osapuma, n'kupukuta pakamwa ndi mkono. Apo ndinawauza zonse, za amayi, za Tadala, za makalata amene analeka kubwera. Za mkazi wa nsapato za gogoda sindinanene, koma anali munthu wamkulu, anamva. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatembenuza kamera n'kundionetsa kabatani kakang'ono ngati njere ya nyemba, kali ndi zilembo uku ndi uku. Zilembozo musandifunse, ine sukulu ndinangoinunkhiza.

"Ukuona aka? Ndikakakankhira uku, tepi imayenda pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ikukwera chitunda. Pamene pakanalowa anthu khumi, palowa makumi awiri. Koma pali mtengo wake. Chithunzi chimafooka. Nkhope imaoneka ngati munthu ali m'chifunga, mawu ngati akulankhulira mumtsuko."

"Koma munthu amadziwika?"

"Kwa womudziwa, amadziwika."

"Ndiye kankhani."

Anaseka. "Iwe ndi amene unandiitana ku Mwanza? Agogo ako anati chithunzi choyera, anthu onse akumva. Akalamula okha, ndikankha."

Anzanga, agogo aSandalamu sindinali nditawalankhulapo chibadwire popanda iwo kundiitana. Anali atakhala pa mpando wawo wa ndalema pansi pa mtengo, chipewa pabondo, maso ali pamzere ngati akuwerenga ng'ombe. Koma ine ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene ena sankachidziwa. Sabata yonseyo, ndikamapita kukatola ndowe m'mawa, ndinkawapeza ataima pakhomo pa khola akulankhula ndi ng'ombe, kukweza mkono, kutsitsa mawu, kubwereza pamene alakwitsa. Ankakonzekera mawu awo a pa kaseti.

Ndinagwada chapatali, pamiyala, n'kudikira. Mawondo anayamba kuwawa. Iwo ankandiona ndithu, koma munthu wamkulu safulumira kuona mwana. Patapita nthawi anati, "Nanga iwe?"

"Agogo, tepi ikutha inu musanalankhule."

Za amayi sindinatchule. Ndinali mwana, koma sindinali wopusa.

Anadzuka mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo. Anaitana aKamwendo, anasuzumira pa kazenera kaja diso limodzi atatsinzina, anamva za kabatani. Anasisita chipewa.

"Nanga nkhope yanga?"

"Ioneka, bambo, koma ngati m'mawa wa mwezi wa chisanu."

"Mawu amveka?"

"Amveka."

"Nkhope yanga amaidziwa kale. Kankhani."

Kabatani kanalira kuti the. Ndinabwerera pa kazenera, ndipo zoonadi timagudumu tija tinali tikuzungulira mwaulesi. Mzere unayamba kutha, kagudumu koonda kakadali ndi mnofu. Ndinkangomwetulira ndekha, khutu lotupa ndaliiwala. Munthu womaliza atadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo, ndinati basi, agogo alankhule, kenako amayi.

Agogo anaimirira, anavala chipewa, anachivulanso, anatsokomola. Anayambira kumene makolo athu anachokera. Anawoloka nawo mitsinje umodziumodzi. Anafika pa agogo a agogo awo, ndi ng'ombe zimene anali nazo, mayina ake ndi mawanga ake. Mithunzi inatalika. Mkwatibwi anayamba kuwodzera, nkhata ya maluwa n'kupendekera pakhutu. Alendo ochokera ku Ligowe anayamba kuzemba awiriawiri kuti mdima usawapeze m'njira. Agogo anali asanafikebe ngakhale pa kubadwa kwa atate.

Ine maso anali pa kagudumu. Malo onse amene ndinawapempha ndi mawondo anga, agogo ankawadya okha. Kanaonda, kanaonda, mpaka ndinayamba kuona choyera cha m'kati mwake. AKamwendo ananditsinzinira diso n'kugwedeza mutu pang'ono, kusonyeza kuti iwo sangathe kudula munthu wamkulu pakamwa. Zoona, panalibe munthu pabwalopo amene akanatha kuwadula agogo. Munthu panalibe. Koma panali thole.

Ng'ombe zinali zisanabwere kubusa, ndipo m'khola munali thole lokha, la mawanga oyera, lolira make tsiku lonse. Kumunsi kwa khola kunali thanthwe pamene agogo anayanika tirigu wawo wopunthapuntha, wofiirira, wonunkhira dzuwa. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndinasolola mitengo iwiri ya pakhomo pa khola, ndinalimenya tholelo kambama pamsana. Linatuluka mchira uli m'mwamba, molunjika pathanthwe.

Kuchokera kumene ndinabisala ndinamva mawu a agogo akuti, "Ndipo m'chaka cha dzombe, atate anga anati kwa ine…" Kenako: "Thole! Thole lili m'tirigu! Gwirani thole, anthu inu!"

Bwalo lonse linabalalika. Amuna a masuti anathamangira kuthanthwe, ana akukuwa, agalu akuuwa, agogo patsogolo ndodo ili m'mwamba. Ine ndinatulukira mbali ina, ndinawagwira aKamwendo malaya n'kuyamba kukoka.

"Kwatsala kochepa, mwanawe. Kongosenda nachesi limodzi."

"N'kokwana. Tiyeni."

Titalowa kuseri kwa mpanda, atengwa anakuwa n'kubalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Amayi anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kutembenukira kumgolo. "Enelesi, wandichita chiyani? Mmene ndililimu?" Ndinagwada n'kuwagwira mwendo. Ndinkangoti, "Amayi, ikutha. Amayi, ikutha." Mtengwa mnzawo wamkulu, mkazi wa asuweni awo a atate, anawalanda mthiko n'kuwakankha pamsana. "Lankhulani mlamu, mwamuna ndi wanu. Ife tonse takhala tikumva za mbuzi za eni."

Kanyali kofiira kanayaka.

Amayi anatsitsa chitenje pang'onopang'ono. Anapukuta manja m'chiuno, kutsogolo ndi kumbuyo, monga ankachitira nthawi zonse asanagwire chinthu chaulemu. Anamunyamula Tadala pathumba paja n'kumuimika patsogolo pawo, iwo n'kugwada kumbuyo kwake. Sanafunse kuti muli bwanji. Sanadikire yankho.

"Bambo a Enelesi, mwana wanu ndi uyu, dzina lake Tadala. Tirigu tinamweta tokha. Denga la kuchipinda likudontha."

Kenako anakweza maso n'kuyang'ana m'diso la kamera mwenimweni, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu wamwamuna aliyense pamudzipo.

"Ife tilipo."

Tadala anatambasula dzanja kuti agwire kanyali kofiira. Kamera inalira kuti kha, kanyali n'kuzima. AKamwendo anaitsitsa paphewa, anapuma mozama, n'kupempha thobwa lina.

Mlandu wa thole sunachedwe. Azakhali aEdina anali atandiona ndikuzungulira nkhokwe. M'mawa mwake agogo anandiitana, ine ndikuyembekeza chikwapu. Sanandimenye. Anangondilozera pathanthwe, pamene thole ndi anthu olithamangitsa anamwaza tirigu m'maudzu ndi m'ming'alu ya mwala. "Njere iliyonse ibwerere." Ndinatola masiku atatu, dzuwa likuwotcha pakhosi, zala zitasupuka. Amayi anandikalipira mokweza pabwalo kuti apongozi awo amve, ananditchula mwana wopanda mwambo, wochititsa manyazi. Koma tsiku lachiwiri, akupita kumtsinje, anadutsa pathanthwepo osandiyang'ana, n'kugwetsa pafupi ndi ine nachesi losendasenda.

Kasetiyo palibe anaionera, poti m'mudzi monse munalibe choonetsera. Inapita ndi lole. Ndiye tinayamba kudikira. Mvula inabwera, denga linadontha monga mwa nthawi zonse, tinkatchera mabeseni ndi kusuntha mphasa. Kalata sinabwere. Azakhali akandiona ankati, "Nanga atate ako aja, wapampando?" Tsiku lililonse pobwera kuchitsime ndinkaima pachitunda n'kuyang'ana njira yochokera kumsewu.

Mvula inatha, chimanga chinauma, udzu wofolera unakhwima. Tsiku lina masana ndinaona munthu akukwera njira ija, sutikesi paphewa, woonda, akupumira m'njira. Sindinathamangire kwa iye. Ndinathamangira kumunda kumene amayi ankakumba kachewere, ndipo nditafika ndinangoloza kunjira. Anasiya khasu lili chiimire m'nthaka.

Atate anayamba kukapereka moni kwa agogo, monga mwa mwambo. Tadala anawathawa, anabisala kuseri kwa mtondo masiku awiri. M'mawa mwake, anthu asanayambe kubwera kudzawaona, ndinadzuka n'kumva phokoso pamwamba. Atate anali padenga, akusasula udzu wovunda.

Nkhani ya kasetiyo anadzatifotokozera patapita nthawi. Anati anakaionera ku sitolo ya pa famupo, pamodzi ndi anzawo a ntchito. Chigawo choyamba chinali choyera, anzawo anaseka azakhali mpaka kugwa pa benchi. Kenako chithunzi chinachita chifunga, agogo anayamba za mitsinje, anzawo anatuluka mmodzimmodzi. Iwonso anatsala pang'ono kudzuka. Ndiye anangomva "Thole!", chithunzi n'kugwedezeka, mpanda, utsi, kenako munthu wamkazi. Nkhope sinkaoneka bwino. Koma ataona mmene akupukutira manja m'chiuno, anadziwa. Anati anabweza malo amenewo kambirimbiri mpaka mwini sitolo anawathamangitsa kuti amuthera batire.

Za mkazi wa nsapato za gogoda palibe anafunsa, iwonso sananenepo. Ena ankati atate anabwera chifukwa ntchito inatha pa famupo. Mwina n'zoona, ine sindinaliko. Chimene ndikudziwa n'chakuti ku Halale sanabwererenso.

Kasetiyo atate anabwerera nayo, ndipo agogo aSandalamu anadzaionera kamodzi, pa sitolo ya ku Ligowe. Atadziona m'chifunga anafunsa kuti nkhalamba yolongololayo ndi ya kuti. Anamwalira akudandaulabe kuti mawu awo anadulidwa asanafike pakati. Azakhali aEdina anakalamba ndi ukali wawo, koma m'matenda awo omaliza ankafuna ine ndekha kuti ndiziwasambitsa, ndipo dzina loti wapampando sanalisiye. ABenisoni ndi mkazi wawo alipo, ali ndi zidzukulu ku Lisungwi. AKamwendo ndinamva kuti makamera amenewo atatha ntchito anayamba kugulitsa manachesi pamsewu wa ku Mwanza. Tadala ndi mayi wa ana anayi, ndipo mpaka lero amakana kuti kamwana konyambita chikho kaja ndi iye. Atate tinawaika kumtunda komweko, zaka zisanu zapitazo.

Kaseti anabwera nayo m'sutikesi muja, ndipo inakhala m'pepala la pulasitiki pansi pa zovala zaka zonsezi. Chaka chathachi mwana wanga Chisomo anati tipite nayo pa boma, chinyezi chisanaidye. Kuli mayi wina wa kashopu, ali ndi deki yakale yoonetsera makaseti ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kolumikiza dekiyo ndi kompyuta. Kaseti ikamazungulira, kompyuta imamwa zonse. Anayesa kagawo kochepa, anayang'ana, n'kugwedeza mutu. Anati akailekerera kompyuta kuti ijambule mmene ikufunira, chinthucho chituluka chachikulu, chosalowa m'kakhadi ka foni ya Chisomo ngakhale atafufuta nyimbo zake zonse.

"Tidule, agogo. Tichotseko mdala akulankhula kwambiriyu."

Ndinakana. Ndinawadula kale kamodzi, n'kokwana. Ndinamufunsa ngati palibe njira yochepetsera popanda kutaya munthu. Anati ilipo: auza kompyuta isanayambe kuti ijambule chithunzi chaching'ono, chongokwana pa foni, ndipo isamasunge kadontho kalikonse. "Kaseti yanuyi kumapetoku ndi chifunga kale. Kuijambula mokulitsa n'kungosunga chifunga chambiri." Anadinadina, anaibweza poyambira, ndipo tinakhala pa benchi pafupifupi maola anayi, poti imayenera kuyenda yonse osadumpha. Itatha, ukwati wonse unalowa m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo, malo n'kutsalako.

Masiku ano adzukulu anga amajambula chilichonse, nkhuku ikudutsa, mnzawo akuyasamula, foni ikadzadza n'kufufuta osayang'ananso. Palibe amagwada, palibe amawomba m'manja. Munthu ali ku Joni amamuona pompo, amayankhanso, ndipo moni wake ndi wongoti "Bho?" Sindikunena kuti n'zoipa. Ife tikanakhala nazo, mawondo anga sakanasupuka.

Amayi alipo. Atate atamwalira anabwerera kwawo ku Midzemba, maso achita mdima pang'ono koma pakamwa pali bwino. Ndinapita nayo foni ija, Chisomo n'kuwapezera malo ake enieni. Anaiyandikiza pamphuno, anaonera mpaka pamene Tadala akutambasula dzanja.

"Mwana iwe," anatero, "anthu onse aja anasamba, anadzola, anavala za m'sutikesi. Ine ndekha unanditumiza ku Halale ndi mwaye kumaso."

Ndinati pepani amayi, n'kutambasula dzanja kuti nditenge foni. Anaikaniza.

"Siya. Uza mwanayo abwezenso."